Bambo Anenepa pa TV Yatsopano

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula bondo la Amayi lija.

TV munatumiza ija inafika, chinthu chodzaza khoma lonse. Tsiku lomwelo tinalumikiza deki yakale n'kuika tepi ya ukwati wanga, muja Bambo akundiperekeza. Mukudziwa kuti kanema amene muli Bambo ndi yekhayo. Zithunzi zinatuluka zambuu, komanso TV inazikoka kuti zifike m'mbali monse, ndiye aliyense ananenepa. Ine ndimaoneka ngati thumba la makala lovala velo! Tinaseka mpaka misozi.

Amayi okha sanaseke. Anasendeza mpando pafupi n'kunena kuti, "Taonani masayawo. Kani bambo anu anali ndi thupi ndithu nthawi imeneyi? Ndiye kuti panalibe choti ndione."

Achimwene, zaka zonsezi Amayi akhala akudziimba mlandu kuti matenda a Bambo anayamba ukwati usanachitike, iwo osazindikira, n'kupita nawo kuchipatala mochedwa. Chionereni tepiyo akudya bwino, ndipo akamaliza kusesa amaiikanso.

Tsono ndinapita nayo kwa wokonza makanema uja munanena, kuti aiwalitse n'kuiika pa fulashi. Ntchito amaidziwa munthuyo. Anachotsa timadontho tonse, n'kubweza chithunzi pa kukula kwake kwenikweni, m'mbali n'kutsala mizere yakuda. Atandionetsa pa kompyuta, ndinaona zoona zake. Bambo anali atatha. Khosi likusambira m'kolala, jekete ngati yobwereka. Tonsefe tinalipo tsiku lija, koma palibe anaona.

Ndinati, "Akulu, chikokeninso m'mbali chithunzicho."

Iye akuti, "Mayi, anthu amabwera kuno kudzakonzetsa zimenezo. Inu mukuti ndiwononge?"

Ndinati, "Wonongani."

Anapukusa mutu, koma anapanga ziwiri. Yokokedwayo ili kwa Amayi, yowala bwino, Bambo ali ndi masaya awo. Yoonayo ili kwanga, pansi pa sutikesi, ndipo mukaifuna mudzaonera kwathu kuno chitseko chili chotseka. Kaya ndalakwa kaya, koma mtima wanga sukunditsutsa.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndimakudziwani, simuona chinthu chopindika osachiwongola. Mukabwera pa tchuthi mudzatipeza tonse tili ofufuma pa khomapo, ndipo dzanja lidzakuyabwani. Chonde, limoti musadzaigwire. Ana anunso muwauziretu, paja iwo mabatani amawadziwa kuposa inu.

Mundiperekere moni kwa alamu. Amayi akupereka moni wambiri. Ati ndikuuzeni kuti Mulungu akudalitseni chifukwa cha TV ija, yawaonetsa amuna awo mmene analili.

Ndine mlongo wanu,
Mzime