Si Msana Ayi, Achemwali

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo la alamu lija linapola? Kuno tilipo, koma pang'ono.

Mankhwala opaka pamsana aja ndinalandira, zikomo. Ndinaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha, misozi osatha. Inu mayi wa ana asanu, mkazi mnzanu akati "msana" mumamva msana weniweni? Komabe wolakwa ndine, ndinazungulira. Lero ndinena mosapsatira.

Chiberekero changa chinatsika, chaka chino n'chachitatu. Ndikaima nthawi yaitali posita zovala za makasitomala chimafika potulukira, ndiye ndimathamangira kuchimbudzi kukachibweza ndi dzanja. Ndikatsokomola mkodzo umatuluka. N'chifukwa chake ndinasiya kwaya, osati zija munamva zoti ndinayambana ndi woimbitsa.

Kuchipatala anandiika kamphete kochirikiza m'kati, koma kanagwa kawiri. Tsopano adokotala akuti yatsala ndi opaleshoni basi, adzachotsa chiberekerocho n'kusoka minofu imene inalefuka. Andipatsa Lachinayi, pa 19. Mpeni ndikuuopa, sindinama, koma chimene chikundidya mtima ndi china.

Anamwino anandiuza kuti kwa milungu isanu ndi umodzi ndisadzanyamule cholemera kuposa ketulo, apo ayi posokapo padzaphwasuka. Ndinafunsa kuti nanga munthu? Iwo ankayesa ndikunena khanda.

Chiwagwireni sitiroko, Amayi ndimawanyamula kasanu pa tsiku, kuwachotsa pabedi, kuwakhazika pampando, kupita nawo kuchimbudzi. Bambo a kwathu ndi ofunitsitsa kuthandiza, koma Amayi anati bola kufa kusiyana n'kugwidwa ndi mkamwini. Mukuwadziwa.

Ndinkayesa sakudziwa za vuto langa. Koma Lolemba anandiona ndikuluma mlomo powadzutsa, ndipo kuyambira tsikulo akukana madzi. Akuti alibe ludzu. Milomo yawo yang'ambika, Achemwali. Akuchepetsa maulendo a kuchimbudzi kuti ndisamawanyamule, ndipo ine ndili ndi mantha.

Chonde bwerani pa 19 pasanafike. Mukapanda kubwera ndikauza adokotala kuti tsikulo apatse wina, ine vuto langali ndalizolowera. Koma Amayi sangafike nalo patali ludzu.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Pamene ndikulemba pano, kapu ya Amayi ili pambali pangapa, yodzaza kuyambira m'mawa.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Mapasa