Kope Lofiira Limene Ndinaiwala Kumudzi

Zingwangwa, Blantyre
8 Novembala 1999

Okondedwa achemwali a Anjelina,

Pepani kuti ndikukuvutitsani misozi ya maliro a malume isanaume. Kaya mwendo uja ukupeza bwanji? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Paja ku ofesi kwathu amalemba pulogalamu ya kompyuta yosonyeza tsiku limene mankhwala adzathe mphamvu. Pulogalamuyo ili pawiri, iwo amati nthambi: yakale imene ili kale m'masitolo, ndi yatsopano ya chaka cha 2000. A Rafaeli, amene amailemba, akakonza cholakwika mu yakale amachipatsa nambala. Ine ndimatenga disiki n'kulowetsa chokonzacho mu yatsopano, kenako ndimachonga nambalayo m'kope lofiira. Lamulo lake n'lakuti chokonza chilichonse chilowe kamodzi basi.

Pobwera ku maliro kopelo ndinalitenga, poopa kuti lingasowe ine kulibe. Ndiye ndinaliiwala konko. A Rafaeli atalifuna osalipeza, anaganiza kuti sindinalowetse kanthu, n'kulowetsanso zonse. Zina zalowa kawiri. Poyesa sabata yatha, mankhwala oyenera kutha mu 2000 akuonetsa kuti adzatha mu 2100.

Bwana wathu, mayi Zubeda, anandiitana. Anati popanda kopelo sangadziwe kuti zobwereza ndi ziti, ndipo a Rafaeli ayenera kuyambiranso ntchito ya miyezi itatu. Atandifunsa kumene lili, ndinanama kuti lili kunyumba konkuno. Anati ndibwere nalo Lolemba pa 22, apo ayi ndisabwerenso. Zaka khumi ndi zinayi pamalo amodzi, achemwali. Ndi Sitandade 8 yangayi ndikagogoda kwa yani?

Chonde yang'anani m'jumbo yakuda imene ndinakoleka pa msomali kuseri kwa chitseko chanu. Kopelo lili m'menemo, la manambala okhaokha, looneka ngati losafunika. Muwauze alamu asang'ambepo pepala lopichirira fodya. Ngati ang'amba kale, mundiuze masamba angati, musandibisire. Pa positi musatumize. Mumpatse Kristina wa a Bonifasi akamabwera ndi nsomba zouma kumsika wa kuno, alikulunge m'pulasitiki chifukwa mvula yayamba.

Moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Yankho lindipeze lisanafike Lachisanu pa 19, ngakhale loti simunalipeze, kuti ndikawauze ndekha mayi Zubeda zoona asanandifunsenso.

Ndine mlongo wanu,
Ambrosi