Nambala ya Lino

Lolemba, 3 Junyu 2024
Chisanu choopsa. Mwana wanga Márcia wabwera kuchokera ku Tete, wandiikira mafilimu mu telefoni. Akuti chipumireni ntchito ya upulofesola, yophunzitsa ana kusukulu, ndimangokhala duu. Filimu yachitatu yake, ndi ija! Mwamuna ndi mkazi, onse alendo mu mzinda wa eni, mvula osakata, masiku anayi akuyenda limodzi, kenako aliyense kwawo. Ndinaionera ku Lilongwe mu 2005, titapita ku kurusu, maphunziro a aphunzitsi. Pambali panga panali Lino wa ku Lichinga. Ndazimitsa msanga. Nyemba zapserera.

Lachitatu, 5 Junyu
Filimu ija ndaimaliza masana, chitseko chotseka. Kale ndinkati mkaziyo anachita bwino kukwera sitima. Lero ndamukalipira mokweza, tsika iwe! Ine chifukwa ndinali nacho: amuna anga Amândio ali moyo, ana ang'onoang'ono. Lino sanandigwire ngakhale dzanja. Pokwera basi anangoti, "Sesilia, ndikanakudziwani kale." Amândio chimwalirireni, zaka zisanu ndi chimodzi.

Lamulungu, 9 Junyu
Pochokera ku Misa ku Fonte Boa ndamuuza Márcia zonse. Ndimayesa achita manyazi. Waseka mpaka kukhala pansi m'njira. "Mayi, inunso?" Waimbira mnzake wa ku Lichinga, mnzakeyo wafunsa azakhali ake. Lino alipo. Anapuma ntchito, akazi awo anamwalira. Nambala ili pa kapepala mu buku la nyimbo.

Lachinayi, 13 Junyu
Masiku anayi ndikungokayang'ana kapepalako. Lero ndaimba, ndili kumunda kuti pasakhale womva. Ndangoti moni. Iwo ayankha: "Sesilia wa ku Angónia? Dikirani ndikhale pansi." Talankhula mpaka batire kutha. Pobwerera ndaiwala khasu.

Lachiwiri, 25 Junyu
Nkhani yoti Lino akubwera yawanda. Alamu anga a Silvestro afika m'mawa, chipewa osavula. "Mukalandira mwamuna pakhomo pano mwanyoza m'bale wanga." Ndawayankha ndili chiimire. M'bale wawoyo ndinamudwazika zaka zitatu ndekha, ndinamulira mokwanira, ndipo sindikupempha chilolezo, ndikungowadziwitsa. Amwa tiyi, apita. Ndavina m'khitchini ngati mtsikana.

Loweruka, 6 Julyu
Chapa, minibasi ya kuno, yafika pa Ulongwe dzuwa lili pamutu, Lino watsika. Imvi mbuu, ndodo m'manja, wamfupi kuposa mmene ndinkamukumbukira. Jekete yopyapyala, kuzizira kwa kuno sakudziwa. Ndamufunditsa mpango wanga anthu akuona. Agona kwa achimwene anga ku Lifidzi, tichite zaulemu.

Lamulungu, 7 Julyu
Talowa limodzi m'tchalitchi, khomo lalikulu. Makosi onse kutembenuka. Mnzanga, Komadre Quitéria, wasendera, watipatsa malo kutsogolo. Ndaimba mokweza kuposa kwaya.
Lino abwerera Lachisanu. Akuti pa chapa malo angakhale awiri, ndikaone kwawo. Batata sindinakumbe. Nkhuku asunga ndani? Chikwama chachikulu chili kwa Márcia, ndimuimbire atumize mawa lomwe, nsapato zakuda zija nazonso