Ulendo Uno Uchite Hayala Galimoto

Gouyave, Grenada

Wokondedwa Sherelle,

Kuno tili bwino, kaya iwe ndi ana m'chisanu cha ku Toronto. Mango apsa mpaka akuwolera pansi, ndipo denga lija linasiya kudontha.

Unafunsa ngati uchite hayala galimoto mukabwera ku tchuthi. Amalume ako a Cuthbert atamva anakalipa: "Hayala ya chiyani ine ndilipo? Mwana ameneyo anaiwala kuti kuno timayenda kumanzere. Adzatha mbuzi za anthu!" Ndinaseka mpaka misozi.

Koma ine ndikuti chita hayala, mwanangu.

Lamulungu pochokera ku tchalitchi pa galimoto yathu, amalume ako akuyendetsa, a Lennox asodzi aja anatilizira hutala ya moni monga mwa nthawi zonse. Amalume ako, amene sadutsa ngakhale galu osamulizira hutala, sanabweze. Titafika pa mphambano ya kwathu anaima, n'kundifunsa chapansipansi kuti tikhotere kuti. Mwina kunali kutopa chabe. Akudya bwino, ndipo nthabwala sizikuwathera.

Ukafika udzanene kuti ana ndiwo anaumirira za galimotoyo. Udzawakhazike kutsogolo, uziwafunsa njira. Akakulozera kolakwika, ingopita komweko. Chilumba chathu n'chaching'ono, mudzafikabe kunyumba.

Ndine azakhali ako,
Merle