Zitsa Zomwe Munkakana Kuzula

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tili bwino. Chikuikireni m'manda papita zaka khumi ndi ziwiri ndi miyezi inayi, ndipo pamtundu pathu pabadwa ana khumi ndi asanu. Wotsiriza ndi wa mdzukulu wanga Tadala, wabadwira kuchipatala cha Magaleta mwezi wathawu. Makutu ndi anu enieni. Chimanga takolola matumba makumi awiri ndi limodzi, koma awiri anankafumbwe alowamo kale.

Nkhani yaikulu ndi ya munda wanu wakuphiri. Mukukumbukira zitsa za mombo ndi misuku zija munkakana kuzula? Munkati, "Zisiyeni, zikungopuma." Ife mphukira zake tinkangosadza chaka ndi chaka. Chaka chatha mlongo wanga, a Fulaye, anafuna kuzizula kuti adzalepo mbatatesi, ndipo ndikuulula kuti ndinavomera. Ndinakaziwerenga ndekha, zitsa makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, m'kope langa n'kulemba kuti zopanda ntchito.

Kutatsala masiku atatu kuti makasu alowe, kunafika mayi wina, mlangizi wa zankhalango. Anakumba pambali pa chitsa chimodzi, dzenje lolekeza m'chiuno. Mizu inali yamoyo, ina yonenepa ngati ntchafu yanga, dothi lili bii. Anatifotokozera kuti mtengo umakoka mpweya wa kaboni, uja ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula, n'kuusunga m'thunthu ndi m'nthambi. Wina wochuluka umatsikira m'mizu ndi m'dothi. Tikazula n'kuwotcha, umabwereranso m'mlengalenga.

Ndinachita manyazi, Amayi. Zaka makumi atatu ndaphunzitsa masamu, koma ndinkawerenga zapamtunda zokha.

A Fulaye anasuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali. Kenaka anaseka, akuti msana wawo sungalimbane ndi mizu yotereyo. Ndinawapatsa mizere makumi anayi kumunsi kwa munda wanga, mbatatesi anadzala kumeneko, ndipo yachita bwino moti akudzitama ngati nzeruzo zinali zawo.

Pachitsa chilichonse tinasiya mphukira ziwiri zamphamvu. Mbuzi zinawononga zisanu, zatsala zana limodzi ndi makumi awiri kudza imodzi. Ndimakaziyeza ndi tepi yanga yosokera Loweruka loyamba la mwezi. Yaitali kwambiri yafika kale paphewa langa, ndipo dzulo ndapeza bowa patsinde pake.

Ndikukulonjezani kuti ine ndili moyo, khasu ngakhale moto sizifikako. Mundiperekere moni kwa abambo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati