Mbereko ya Buluku Lakutchalitchi

Bambo a Aliness,

Ndapita kusikelo ndi mwana. Buluku lanu lakutchalitchi lija musavutike kulifuna. Telala wa pa Jenala ananditchulira mtengo wamisala wa mbereko ya zingwe ija, ine n'kumuuza kuti singano ndili nayo kwanga. Ndiye ndadula miyendo ya bulukulo kupanga zingwe.

Mwamwayi nzeru zinandibwerera pang'ono, ndinayamba ndayesa kubereka thumba la nandolo wambewu m'mbereko ndasokayo. Nditangodumpha kamodzi, phwaa! Nandolo bwalo lonse. Mwana ali bwinobwino, ndamubereka pachitenje ngati anzanga onse.

Tolani nandoloyo nkhuku zisanamalize, apo ayi chaka chino sitibzala. Pepanitu. Lamulungu muvale kabudula watsalayo. Ndamusoka ndekha, ndiye musadumphe.

Ine telala wanu,
Mayi a Aliness