Musayambe ndi chipeso

LACHISANU

13:12 Mkazi wa uja: 📷 chithunzi

13:12 Mkazi wa uja: amake Nunu pepani kukulowererani. ndine mkazi wa abambo ake Nunu, number ndatenga mu foni mwawo. ilo ndi tsitsi la mwana wanu mmene lilili lero

13:14 Mkazi wa uja: mesh munamuluka musanapite ku ntchito kwanuko idakali mmutu. yatha miyezi itatu. salola munthu kuigwira, akuti analuka ndi amayi ake, adzamasulanso ndi amayi ake

13:15 Mkazi wa uja: aphunzitsi alemba kalata kuti lolemba asabwere chonchi. abambo ake akuti lamulungu apita naye kometa. mpala

13:48 Mkazi wa uja: ndaona kuti mwawerenga

15:02 Amake Nunu: mwamuna wanuyo alibe pakamwa? mpaka kutuma inu?

15:03 Mkazi wa uja: sananditume. sakudziwa nkomwe kuti ndakulemberani

15:03 Amake Nunu: tsitsi limenelo ndalilera zaka 7. lumo silinadutsepo chibadwire. auzeni angoyerekeza

15:05 Mkazi wa uja: nde mundiuze chochita pls. ine langa ndimadula, za tsitsi lalitali sindidziwa kanthu. dzulo ndinayesa ndi chipeso, mano atatu anathyoka, mwana analira mpaka aneba kusuzumira pa mpanda

15:05 Amake Nunu: CHIPESO? pa tsitsi louma??

15:06 Amake Nunu: munanditengera mwamuna sindinayankhule. mwana mukukhala naye ndinu. tsitsi lokhali mundisiyire

15:19 Mkazi wa uja: zimenezo sindiyankha lero. mukafuna mudzandinyoze bwinobwino tsiku lina. panopa ndiuzeni zogula, ndili pafupi ndi shop

15:41 Amake Nunu: conditioner wamkulu, aliyense bola woterera. botolo la spray. mafuta a nsatsi. chipeso cha mano akuluakulu otalikirana. timphira tomangira 8. shampoo alipo mu kabati ya kubafa ngati simunataye

15:42 Mkazi wa uja: sindinataye kanthu kanu. ndimuchape madzulo ano kuti lifewe?

15:42 Amake Nunu: AYI. mukachapa lisanamasulidwe ligwirana ngati thonje la mu pilo, olo ine sindingalithe. musalinyowetse. tiyamba mawa mmawa

15:44 Amake Nunu: mpatseni foni ndimuuze ndekha kuti ndavomera

15:58 Mkazi wa uja: wakana. wathawira kuchipinda

15:59 Mkazi wa uja: akuti munanena kuti mubwera pa holiday

16:20 Amake Nunu: anandikaniza leave. hotel inadzaza, ochapa tinatsala atatu. ndinawafotokozera abambo ake, kaya anamuuza kaya

16:22 Amake Nunu: 🎤 mawu 0:51

16:22 Amake Nunu: mumuikire ameneyo. olo asayankhe

16:40 Mkazi wa uja: wamvera kawiri atafunda bulangete kumutu. kenako wandifunsa kuti tiyamba nthawi yanji

LOWERUKA

07:31 Mkazi wa uja: tadzuka. zonse zili pa tebulo

07:36 Amake Nunu: ndili pa ntchito, foni saloleza. ndaibisa pansi pa ma sheet, ndiziyankha abwana akatembenuka

07:37 Amake Nunu: adye kaye, Nunu wanjala ndi nkhondo. inu khalani pa mpando, iye pa pilo pakati pa miyendo yanu. mpatseni timphirato azigwira, mumuuze kuti ntchito yake ndi kukupatsirani. akakhala ndi udindo salira

07:39 Amake Nunu: mesh mudule kumapeto, koma kutali ndi pomwe lake lathera. lake ndi lakuda bii losawala, mesh imanyezimira. mukakayika musadule

07:40 Amake Nunu: mu spray muike madzi ofunda, conditioner masupuni awiri, mafuta pang'ono, mukhutchumule. chingwe chilichonse mupopere musanamasule. muyambire kunkhongo, chimodzichimodzi

08:25 Mkazi wa uja: 📷 chithunzi

08:25 Mkazi wa uja: mayo ine likuthothoka!! onani mmanjamu. ndalakwitsa chani

08:26 Mkazi wa uja: ndipo pa tsinde lililonse pali kanthu koyera kolimba

08:44 Amake Nunu: mtima pansi. ndi lomwe linagwa lokha miyezi yonseyi, linalibe potulukira. tsitsi limagwa tsiku lililonse, inunso lanu limagwa

08:45 Amake Nunu: koyerako ndi mafuta akale ndi fumbi. mupake conditioner, mukafinye pakati pa zala mpaka kafewe, kenako muzipatula tsitsi chammbali ngati mukupatula ulusi. osakokera pansi. zala zokha. chipeso chidikire

08:46 Mkazi wa uja: zonsezi ndi zala? zingwe zilipo mwina 60

08:46 Amake Nunu: 74. ndinaluka masiku awiri

08:47 Mkazi wa uja: eish

10:10 Mkazi wa uja: tafika 20. msana wanga wapita. abambo ake anasuzumira, akuti tikungovutika ometa amatenga 5 minutes. ndawauza kuti akatsukitse galimoto asabwere mpaka dzuwa lipendeke

10:13 Amake Nunu: apita?

10:13 Mkazi wa uja: liwiro lake

10:14 Amake Nunu: kkk sanasinthe

10:14 Amake Nunu: kuseri kwa khutu lamanzere ali ndi chipsera, anagwera pa ngodya ya bedi ali ndi zaka 2. pamenepo mudutse mofatsa

11:52 Mkazi wa uja: wagona pa bondo langa. ndipitirize?

11:58 Amake Nunu: pitirizani, ndi nthawi yabwino. mutu muutsamiritse pa ntchafu

11:58 Amake Nunu: inenso amandigonera choncho

12:03 Amake Nunu: ndifunse. mukudzivutitsiranji? akanameta inu simukanaluza kanthu

12:30 Mkazi wa uja: amayi anga anamwalira ndili ndi zaka 8. anandisiya ndi mizere mmutu. mayi ondipeza anandikhazika pa ndowa kuseri kwa nyumba nkundimeta ndi lezala, akuti alibe nthawi ya zachibwana. tsitsilo analisesa ine ndikuona

12:31 Mkazi wa uja: sindinalisungenso. basi ndi zomwezo

12:49 Amake Nunu: ok

12:50 Amake Nunu: mukamaliza chigawo muzichipota pawiri nkumanga kamphira, chisabwererenso kwa anzake

14:36 Mkazi wa uja: zonse 74 zatha 🙌 zala zachita makwinya. koma pali vuto

14:36 Mkazi wa uja: 📷 chithunzi

14:37 Mkazi wa uja: kunkhongo kumene amagonera. chagwirana chimodzi chachikulu ngati dzira. ndapaka conditioner, mafuta, ndadikira ola lonse. chala sichikulowa

14:41 Amake Nunu: yesani ndi mchira wa chipeso chaching'ono, kuyambira kunsonga, tsitsi limodzilimodzi

15:20 Mkazi wa uja: ndayesa amake Nunu. khungu lafiira pansi pake, pali ndi kachilonda. akuluma mlomo misozi ili chuchuchu

15:21 Mkazi wa uja: sindidula musanandiuze

15:22 Mkazi wa uja: 📞 simunayankhe

15:40 Amake Nunu: ndinali ku toilet. ndapsereza pillowcase ya eni ake

15:41 Amake Nunu: ndinalakwitsa ndine. ndinaluka zothina kuti zikhalitse mpaka ndidzabwere. ndimati ndi milungu 6 yokha

15:43 Amake Nunu: dulani. chokhacho. sizasi yakuthwa, mulowetse chala pakati pa khungu ndi mfundoyo kuti musamucheke. lapamwamba lidzaphimba

15:51 Mkazi wa uja: ndadula. sanamve nkomwe

15:52 Amake Nunu: musataye

15:52 Mkazi wa uja: ndaika kale mu envelope. ili mu kabati momwe muli zinthu zanu

15:55 Amake Nunu: zkm

15:57 Amake Nunu: pano chapani. musamasule zopotazo, muchape zili choncho. shampoo pa khungu, musisite ndi nsonga za zala osati zikhadabo. mpatseni kathawulo atseke kumaso, amaopa thovu. pakachilondapo madzi okha

15:59 Amake Nunu: kenako conditioner wambiri, musaumire. apa nde mutenge chipeso chachikulu chija. chigawo chimodzi, mugwire pa tsinde ndi dzanja linalo kuti asamve kukoka, muyambe kunsonga muzikwera pang'onopang'ono

16:00 Amake Nunu: popukuta osati thawulo, limadula tsitsi. t-shirt yakale. tengani ya abambo ake yomwe amaikonda kwambiri

16:01 Mkazi wa uja: kkkkk ya blue ija

16:01 Amake Nunu: idakalipo?? yomweyo

17:34 Mkazi wa uja: amake Nunu tsitsi ili ndi lalitali chonchi? ndikalikoka likufika pakati pa msana, ndikalisiya likubwerera mmakutu

17:38 Amake Nunu: ndi khalidwe lake. likamabwerera choncho ndiye kuti lili moyo. lisanaumitsitse mupake mafuta pang'ono, kwambiri kunsonga, nkupota zigawo 8. kuluka mawa, mutu upume. pogona duku loterera, lili mu drawer yake ya masokosi

LAMULUNGU

09:15 Mkazi wa uja: abambo ake aona. angoti hmm nkutuluka. za ometa sizinatchulidwenso

09:16 Mkazi wa uja: mizere sinditha. ndayesera pa chidole chake, Nunu waseka mpaka kugwa pa mpando

09:31 Amake Nunu: musalimbane nayo. mupote ziwiriziwiri zing'onozing'ono, mumange kumbuyo pamodzi, kusukulu amalola. kutsogolo musakoke, timatsitsi ta pachipumi tikapita sitibwerera. Nunu sanena kuti zikuwawa, muziona mapewa. akakwera mmwamba ndiye kuti mwathinitsa

12:47 Mkazi wa uja: 🎥 video 0:23

12:47 Mkazi wa uja: taonani munthu wanu 😍 sakuchoka pa galasi. mzere wapakati wakhota koma mundikhululukire

12:55 Amake Nunu: wakongola mwana wanga

12:55 Amake Nunu: dzino lakutsogolo linachoka liti?

12:56 Mkazi wa uja: mwezi watha. ndimayesa anakuuzani

12:58 Amake Nunu: ayi

13:04 Amake Nunu: ndaonera kasanu. chakumapeto akuti amami tajambulani kumbuyoku

13:04 Amake Nunu: akunena ine? kuti ndione kumbuyo?

13:11 Amake Nunu: mayi

13:26 Amake Nunu: ndamvetsetsa. wojambula ndi amene wagwira foni

13:40 Mkazi wa uja: amake Nunu sindinamuuze ndine, Mulungu akudziwa. chibwerereni mnyumba muno amanditi aunt, nthawi zina osanditchula nkomwe. wayamba dzulo pomwe ndimamutsuka thovu. ndinayesa lilime laterereka

13:41 Mkazi wa uja: sindinamve kuti zalowa mu video. sindikanatumiza

13:43 Mkazi wa uja: ndimuletsa. ndimuuza bwinobwino kuti amami ake ndi amodzi

14:02 Amake Nunu: 🚫 uthenga wafufutidwa

14:03 Amake Nunu: 🚫 uthenga wafufutidwa

14:30 Mkazi wa uja: 📞 simunayankhe

16:15 Mkazi wa uja: chonde ndiyankheni olo mondinyoza

LOLEMBA

06:52 Mkazi wa uja: 📷 chithunzi

06:52 Mkazi wa uja: wapita kusukulu. duku linagona mmutu mpaka kucha

10:05 Amake Nunu: musamuletse

10:06 Amake Nunu: kuno ndimagona chipinda chimodzi ndi azimayi atatu, bedi pamwamba pa bedi. ndilibe pomuika. contract yatsala chaka ndi miyezi iwiri. mwana sangakhale nthawi yonseyo opanda womuitana

10:08 Amake Nunu: akaitana muzimuyankha. musamachedwe kuyankha, amafulumira kukhumudwa

10:09 Amake Nunu: spray ija masiku atatu aliwonse, mmawa. kuchapa pakatha milungu iwiri. zopotazo zisapitirire milungu itatu olo akane bwanji, olo anene kuti munapota ndinu

10:10 Amake Nunu: mmene mwachitiramu mwakhoza. simufunikanso kundifunsa

10:12 Mkazi wa uja: ndizikufunsanibe. mizere simunandiphunzitse

10:13 Mkazi wa uja: inuyo muli bwanji kumeneko? mwadya?

12:40 Mkazi wa uja: waweruka. akuti aphunzitsi amufunsa kuti wakukonza ndani, iye wati amayi anga awiri, wina ndi manja wina pa foni

12:41 Mkazi wa uja: ndalemba mmene wanenera, sindinawonjezere

15:20 Mkazi wa uja: amake Nunu?

17:45 Mkazi wa uja: ndaona kuti mwawerenga. palibe changu, tilipo